Msodzi akawoloka malire apanyanja: mafunso ndi mayankho pa mkangano wa asodzi a India ndi Sri Lanka

Pakati pa India ndi Sri Lanka pali kachigawo ka nyanja yamchere kotchedwa Palk Bay. Tsidya lina kuli asodzi olankhula Chitamil, tsidya linalo kulinso asodzi olankhula Chitamil chomwecho, ndipo akhala akulimbirana nsomba za m'madzi amenewa kwa zaka makumi angapo. Chaka sichitha osamva kuti maboti alandidwa, anthu atsekeredwa, maukonde ang'ambidwa. Ndasankha malo amenewa poyankha mafunso okhudza malamulo othetsera mikangano ya asodzi a mayiko oyandikana chifukwa ndi kumene munthu amaona bwino pamene lamulo limagwira, ndi pamene limamusiya msodzi yekha.

Kodi panyanja pamakhaladi malire?

Alipo, kungoti saoneka ndi maso. Amalembedwa pamapu ndi manambala, ndipo msodzi amawadziwa poyang'ana pa GPS. Lamulo lalikulu pankhaniyi ndi pangano la United Nations la malamulo apanyanja, lodziwika kuti UNCLOS. Linasainidwa ku Montego Bay, m'dziko la Jamaica, pa 10 Disembala 1982, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 16 Novembala 1994. Dziko la Sri Lanka linalivomereza mu 1994, la India mu 1995.

Panganoli limagawa madzi potengera kutalikira kwake kuchokera kugombe. Mamailosi 12 oyambirira, omwe ndi makilomita pafupifupi 22, ndi a dziko mofanana ndi nthaka yake. Sitima yachilendo imaloledwa kungodutsa mwamtendere, koma ikangoponya ukonde m'madzi, ufulu wodutsawo watha. Ndime 19 imanena zimenezi mosapita m'mbali. Kuchokera pamenepo mpaka mamailosi 200 ndi dera limene amalitcha EEZ. M'derali sitima za mayiko ena zimayenda momasuka, koma nsomba mwini wake ndi dziko la m'mphepete mwa nyanjalo, ndipo ndilo limalamula kuti aphe ndani, ndi zida zanji, nyengo iti. Kupitirira mamailosi 200 ndi nyanja ya aliyense.

Zimavuta mayiko akayandikana kwambiri. Kuchokera ku Dhanushkodi, mbali ya India, kukafika ku Talaimannar, mbali ya Sri Lanka, pali makilomita pafupifupi 30 okha. Pamalo otere palibe wa mamailosi 200. Maboma awiriwo amayenera kukhala pansi n'kulemba mzere wawo.

Ngati ndi anthu a chilankhulo chimodzi, chinawayambanitsa n'chiyani?

Chinawayambanitsa ndi chida chophera nsomba. Kale asodzi a mbali zonse ziwiri ankagwiritsa ntchito mabwato ang'onoang'ono, matchera ndi mbedza, ndipo ankawoloka nyanjayi osafunsana mapepala. Ankakwatirana, ankagulana nsomba zouma, ankakumana pa zikondwerero. M'zaka za m'ma 1960 boma la India linayamba kulimbikitsa maboti a injini okoka ukonde pansi pa nyanja, otchedwa ma trawler, chifukwa ma prawns, tinyama ta m'nyanja ta m'gulu la nkhanu, anali ndi msika wa ndalama zambiri kumayiko akunja. Madoko a Rameswaram, Mandapam, Jegathapattinam ndi Kottaipattinam anadzaza ndi maboti amenewa.

Kuti mumvetse mkwiyo wa anthu a tsidya linalo muyenera kudziwa mmene ukondewu umagwirira ntchito. Ndi chithumba chachikulu chokokedwa ndi zingwe ziwiri. Pakamwa pake pamakhala matabwa awiri olemera otsegula ukondewo, ndipo mlomo wam'munsi amaumangirira tcheni kapena zitsulo kuti uzikwekweza pansi. Palk Bay ndi nyanja yosaya, malo ambiri sipapitirira mamita 15, choncho tcheni lija limazula udzu wa pansi pa nyanja, kugumula moswanirana nsomba ndi kukokolola tiana ta nsomba tosagulitsika. Patapita zaka mbali ya India inayamba kuuma, ndipo ma trawler anayamba kusuzumira tsidya lina.

Tsidya linalo kunali nkhondo. Kuyambira 1983 mpaka 2009 boma la Sri Lanka linkamenyana ndi gulu la LTTE, lomwe linkamenyera kuti anthu a Chitamil akhale ndi dziko lawolawo, ndipo asilikali apamadzi ankaletsa kapena kuchepetsa kwambiri usodzi kumpoto, ku Jaffna, Mannar ndi Kilinochchi. Madzi awo anatsala odzaza nsomba koma opanda eni ake, ndipo ma trawler a ku Tamil Nadu, chigawo cha kummwera kwa India, anazolowera kulowamo, ngakhale kuti ena mwa asodzi awo anaphedwa ndi zipolopolo m'zaka zimenezo. Nkhondo itatha, anthu akumpoto aja anabwerera kunyanja ali amphawi, ambiri atagula maukonde pangongole, n'kupeza alendo atakhazikika m'madzi awo.

Ku Rameswaram ma trawler amatuluka Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka, potsatira dongosolo lakwawo losinthana masiku ndi mabwato ang'onoang'ono. Msodzi wa ku Sri Lanka, wa pachilumba cha Neduntheevu kapena ku Point Pedro, amawadziwa masiku amenewa ngati dzina lake. Madzulo a tsiku lotero amaima pagombe n'kuona nyali zambirimbiri zikutulukira chakumadzulo, ndipo amayenera kusankha: akatchere matchera ake n'kukapeza m'mawa zingwe zokhazokha, kapena agone kunyumba wopanda chogulitsa.

Mapangano a 1974 ndi 1976 amati chiyani?

Mu Juni 1974 nduna zazikulu Indira Gandhi ndi Sirimavo Bandaranaike anasaina pangano lolemba malire ku Palk Bay. Mzerewo unasiya kachilumba ka Katchatheevu mbali ya Sri Lanka. Ndi kachilumba ka maekala 285, kopanda anthu okhalapo, kokhala ndi tchalitchi cha Antonio Woyera kumene Akatolika a mayiko onse awiri amasonkhana kamodzi pachaka. Ndime 5 ya panganoli inalola asodzi ndi apaulendo wachipembedzo a ku India kupitiriza kufika pachilumbachi popanda viza. Ndime 6 inati maboti a mayiko awiriwa apitiriza kukhala ndi ufulu umene anali nawo kuyambira kale m'madzi a mnzawo. Ufulu wake uti? Panganolo silinatchule, ndipo apa ndi pamene panagona mlandu.

Mu Malichi 1976 kunabwera pangano lachiwiri, la malire ku Gulf of Mannar ndi Bay of Bengal. Pamodzi nalo maboma awiriwa anapatsana makalata onena kuti asodzi a dziko lina sadzaphanso nsomba m'madzi a dziko linzake popanda chilolezo. Boma la Sri Lanka limati makalatawa anatseka nkhani yonse, ndipo chimene chinatsala kwa asodzi a ku India ndi kupuma, kuyanika maukonde ndi kupemphera pa Katchatheevu basi. Boma lalikulu la India ku New Delhi nalonso lakhala likuwerenga mapanganowa motero. Amene amakana ndi atsogoleri andale ndi mabungwe a asodzi a ku Tamil Nadu, omwe amati ndime 6 sinafafanizidwe ndipo iwo sanafunsidwe.

"Makolo athu ankapha nsomba kumeneko." Kodi mfundo imeneyi imamveka kukhoti?

Imamveka, koma ili ndi polekezera. Mayiko a Eritrea ndi Yemen atalimbirana zilumba za Hanish pa Red Sea, oweruza anapereka zigamulo ziwiri, mu 1998 ndi mu 1999. Zilumba zikuluzikulu zinapita kwa Yemen, koma oweruzawo analamula kuti asodzi achikhalidwe a mayiko onse awiri apitirize kupha nsomba kumeneko monga ankachitira makolo awo, ndipo azitha kukagulitsa kumadoko a mbali zonse. Australia ndi Papua New Guinea anachita zofanana mwa kufuna kwawo mu pangano la Torres Strait la 1978, lomwe linakhazikitsa dera lotetezedwa kumene eni dera amawoloka malire pochita ntchito za makolo awo. Mu 2016, pa mlandu wa Philippines ndi China, oweruza anavomereza ufulu wa asodzi achikhalidwe pa matanthwe a m'nyanja otchedwa Scarborough Shoal, koma anakana zoti dziko lingadzitengere nsomba za mu EEZ ya mnzake ponena kuti linkapha kumeneko kalekale.

Onani mawu amene akubwerezedwa: achikhalidwe. Ufulu umenewu ndi wa munthu wa bwato laling'ono wopezera banja lake chakudya ndi ndalama yapatsiku. Oweruza a Eritrea ndi Yemen ananena kuti kuika injini pabwato sikumuchotsera munthu ufuluwu, koma usodzi wa makampani suwerengedwa. Ine ndikuona kuti apa ndi pamene mfundo ya eni ma trawler imafookera. Makolo awo ankaphadi nsomba pafupi ndi Katchatheevu, izo n'zoona, koma sankakoka tcheni pansi pa nyanja. Chomvetsa chisoni n'chakuti msodzi wa bwato laling'ono wa ku Tamil Nadu, yemwe mlandu wake ungamveke, mawu ake amamira mu phokoso la eni maboti akuluakulu.

Msodzi akagwidwa m'madzi a dziko lina, lamulo limamuteteza bwanji?

Ndime 73 ya UNCLOS ndi imene munthu aliyense wa ntchito yapanyanja ayenera kuidziwa. Imapatsa dziko mphamvu yokwera m'boti lachilendo, kulifufuza, kuligwira ndi kutsegula mlandu ngati laphwanya malamulo a usodzi mu EEZ. Kenako imaika zinthu zitatu zomanga manja a dziko logwiralo. Boti ndi anthu ake amasulidwe msanga akapereka belo yoyenera. Chilango chisakhale ndende, pokhapokha mayiko awiriwo atagwirizana kale, ndipo chisakhale chomenya kapena kuzunza thupi. Dziko limene botilo linalembetsedwa liuzidwe mwamsanga za kugwidwako ndi chilango chake. Palinso pangano la ku Vienna la 1963 lomwe limapatsa mlendo womangidwa ufulu woonana ndi kazembe wa dziko lake. Dziko la India lili ndi ofesi yotero ku Jaffna, ndipo ndi imene imayendera asodzi otsekeredwa.

Tsoka lake, chitetezo cha ndime 73 chimagwira mu EEZ mokha. Pangano la 1974 linatcha madzi a ku Palk Bay kuti ndi madzi a mbiri yakale, ndipo mayiko awiriwa amawatenga ngati a m'kati mwa dziko. Wogwidwira kumeneko amaweruzidwa ndi malamulo a dziko lomugwiralo monga wolakwira pamtunda, ndipo ndende ndi yololedwa. Anthu ambiri amene amafuula kuti boma la Sri Lanka likuphwanya UNCLOS potsekera asodzi amaiwala mfundo imeneyi.

Ndiye ogwidwa ku Sri Lanka zimawathera bwanji?

Asilikali apamadzi amakokera boti kudoko, n'kupereka anthuwo kwa akuluakulu a zausodzi, omwe amakawaonetsa kukhoti la majisitireti ku Kayts, Point Pedro, Mannar kapena Kilinochchi. Amakhala pa limandi masabata angapo. Wogwidwa koyamba nthawi zambiri amapatsidwa chilango choimikidwa n'kubwezedwa kwawo. Wobwereza, woyendetsa boti ndi mwini boti ndi amene amakumana ndi ndende kapena chindapusa chachikulu.

Malamulo anakhwima m'zaka zapitazi. Mu Julayi 2017 nyumba ya malamulo ya Sri Lanka inaletsa kukoka ukonde pansi pa nyanja, ndi chilango cha marupee 50,000 kapena ndende mpaka zaka ziwiri. Mu 2018 inasintha lamulo la 1979 lokhudza maboti achilendo n'kuika zindapusa za mamiliyoni a marupee malinga ndi kutalika kwa boti. Chimene chimapweteka kwambiri ndi kulandidwa kwa botilo. Maboti olandidwa amakhala padoko zaka, dzimbiri n'kudya injini, matabwa n'kuola, ndipo mu Febuluwale 2022 boma la Sri Lanka linagulitsa pa okushoni maboti a ku India oposa 100.

Tisaiwale kuti amene amalowa m'ndende kawirikawiri si mwini boti. Ndi waganyu wolipidwa potengera nsomba zimene zaphedwa, yemwe akakana kuwoloka mzere sadzatengedwanso ulendo wotsatira. Komanso si mbali imodzi yokha imene imagwira anthu. Maboti a ku Sri Lanka okasaka nsomba za tuna kutali nawonso amagwidwa m'madzi a India pansi pa lamulo la dzikolo la 1981, ndipo ku Sri Lanka komweko alipo eni ma trawler amene akupitiriza kukoka pansi ngakhale lamulo linaletsa.

Nanga khoti la ku Hamburg limathandiza chiyani?

Khoti la mayiko loona za malamulo apanyanja, ITLOS, lili ku Hamburg m'dziko la Germany, lili ndi oweruza 21, ndipo linayamba ntchito mu 1996. Ndime 292 ya UNCLOS imalipatsa ntchito imodzi yofulumira. Ngati dziko lagwira boti mu EEZ n'kukana kulimasula pa belo yoyenera, dziko la botilo likhoza kukadandaula ku Hamburg patatha masiku 10 chigwidwire, ngati mbali ziwirizo sizinagwirizane za khoti lina. Khotili silifunsa ngati msodzi anabadi nsomba kapena ayi. Umenewo ndi mlandu wa khoti la dziko logwiralo. Limangoona ngati belo ndi yoyenera.

Chitsanzo chabwino cha mayiko oyandikana ndi cha Japan ndi Russia mu 2007. Boma la Russia linagwira boti la ku Japan lotchedwa Hoshinmaru n'kufuna belo ya marubo (ndalama za ku Russia) 22 miliyoni. Khoti linatsitsa belo kufika pa marubo 10 miliyoni, ndipo boti linamasulidwa. Tsiku lomwelo khoti linaweruza za boti lina, Tomimaru, koma uko Japan inabwera mochedwa: makhoti a ku Russia anali atamaliza kale mlandu n'kulanda botilo, choncho panalibenso chomasula.

Dziwani kuti msodzi payekha sangagogode pachitseko cha khotili. Dandaulo limaperekedwa ndi boma, kapena ndi munthu amene boma lamupatsa chilolezo cholankhula m'dzina lake.

Bwanji maboma awiriwa osangopita kukhoti kuti nkhani ithe?

Chifukwa njira zambiri ndi zotseka, ndipo anazitseka dala. Polemba UNCLOS mayiko a m'mphepete mwa nyanja sanafune kuti oweruza akunja aziwauza kagawidwe ka nsomba zawo. N'chifukwa chake ndime 297 imati dziko silingakakamizidwe kupita kukhoti pa nkhani ya ufulu wake pa nsomba za mu EEZ. Pa milandu ina yochepa likhoza kukokeredwa kwa ankhoswe, koma zimene ankhoswewo anena sizimanga aliyense.

Ku khoti lalikulu la mayiko la ICJ ku The Hague nakonso kulibe njira yapafupi. Dziko la India povomereza mphamvu za khotilo linapatula mikangano yake ndi mayiko a mu Commonwealth, ndipo Sri Lanka ndi limodzi mwa mayikowo. Chimene chatsala ndi ndime 123 ya UNCLOS, yomwe imalimbikitsa mayiko ozungulira nyanja yopanikizika kuti azigwirizana posamala nsomba. Ndi mawu abwino, koma alibe chilango kwa wowanyalanyaza.

Kodi asilikali apamadzi ali ndi ufulu wowombera boti la asodzi?

Lamulo limati mphamvu ipewedwe mmene zingathekere, ndipo ikakhala yosapeweka isapitirire muyezo. ITLOS inanena zimenezi mu 1999 pa mlandu wa sitima ya Saiga, yomwe inkagulitsa mafuta kwa maboti a asodzi kufupi ndi dziko la Guinea. Asilikali a ku Guinea anaiwombera ndi zipolopolo zenizeni popanda kuchenjeza moyenera, n'kuvulaza anthu awiri, ndipo dzikolo linalamulidwa kulipira ndalama zoposa madola 2 miliyoni. Khoti linafotokoza ndondomeko yake: choyamba chizindikiro chomveka kapena chooneka choti boti liime, kenako kuwombera kutsogolo kwa boti, ndipo ngakhale zonsezi zitakanika, moyo wa munthu usaikidwe pachiswe. Kuthamangitsa boti lothawa n'kololedwa, koma ndime 111 imati kumathera pamene botilo lalowa m'madzi a dziko lake.

Mu Okutobala 2008 maboma a India ndi Sri Lanka analengeza limodzi kuti maboti a asodzi enieni owoloka malire sadzawomberedwa. Imfa zinachepa poyerekeza ndi nthawi ya nkhondo, koma sizinathe. Anthu akhala akufabe maboti akawombana ndi sitima za asilikali usiku, mbali iliyonse n'kumaloza chala inzake, ndipo mabanja amalandira mtembo popanda kufotokozeredwa zomveka. Ndikuona kuti imfa iliyonse yotere imayenera kufufuzidwa ndi anthu a mayiko onse awiri pamodzi, zotsatira zake n'kulengezedwa poyera.

Ukonde wanga ukang'ambidwa ndi boti la dziko lina, ndikadandaule kuti?

Funso ili ndi limene limandikhudza kuposa onse, chifukwa yankho lake ndi lochititsa manyazi. UNCLOS inalembedwa kuti maboma azilankhulana ndi maboma. Imatchula za boti logwidwa, belo ndi mbendera, koma za munthu amene matchera ake adulidwa usiku siinena kanthu. Mapangano a 1974 ndi 1976 nawonso alibe ndime ya chipukuta misonzi. Papepala, msodzi wa ku Mannar akhoza kusumira mwini trawler. Koma ayambe wawerenga nambala ya boti mumdima, apeze mwini wake, awoloke nyanja, alipire loya ku Tamil Nadu, adikire zaka. Palibe wa bwato laling'ono angakwanitse zimenezo. Amangotola zoyandamitsa zotsala n'kubwerera kwa womukongoza ndalama.

Chodabwitsa n'chakuti vutoli anthu ena analipezera njira kalekale. Pa 6 Meyi 1882, ku The Hague, mayiko a Britain, Germany, France, Belgium, Denmark ndi Netherlands anasaina pangano la usodzi wa pa North Sea. Kumeneko nakonso okoka maukonde ankawononga maukonde oyandama a anzawo opha nsomba za herring. Panganolo silinataye nthawi ndi mawu okoma. Linalamula kuti boti lililonse lilembedwe zilembo za doko lake ndi nambala, zikuluzikulu, pathupi la boti ndi pathanga. Mpaka lero boti la ku Grimsby, doko la ku Britain, mulidziwa ndi zilembo GY. Linati wofika mochedwa pamalo asaponye ukonde mosokoneza amene anafika kale. Maukonde a anthu awiri akakolana, n'koletsedwa kudula popanda onse kuvomereza. Zida zopangidwira kudula maukonde a ena zinaletsedwa ngakhale kungozisunga m'boti. Wotola ukonde wotayika panyanja aupereke kwa akuluakulu a padoko loyamba limene afike.

Ndime yofunika koposa inali ya okoka ukonde. Inati iwo akaona asodzi a maukonde oyandama kapena a zingwe za mbedza, ndi udindo wawo kupewa kuwaonongera, ndipo zida zikawonongeka mlandu ndi wawo, pokhapokha atasonyeza kuti panalibe mochitira kapena kuti sikunali kulakwa kwawo. Ndiye kuti wosauka sankavutika kufunafuna umboni. Wa boti lamphamvu ndiye ankayenera kudziyeretsa. Sitima zolondera za mayiko osainawo zinali ndi mphamvu yolemba umboni pa boti la dziko lililonse la mu panganolo, ndipo ngati nkhani ndi yaing'ono, mkulu wa sitimayo ankatha kuweruza pomwepo panyanja n'kutchula ndalama yolipira, onse awiri akavomereza. Zili ngati mmene mfumu imathetsera mlandu wa mbuzi zodya chimanga cha eni, zipsera za m'munda zisanafote. Mlandu waukulu unkapita kukhoti la kwawo kwa wolakwayo, umboni uja uli m'manja.

Panganolo linali la madzi a aliyense, kunja kwa mamailosi atatu a nthawi imeneyo, choncho silingakopedwe monga lilili n'kuikidwa ku Palk Bay. Koma nzeru zake zitatu zikanathandiza lero lomwe: nambala yowerengeka ndi usiku womwe, mlandu kugwera wokoka ukonde, ndi woweruza wopezeka pafupi ndi doko.

Asodzi okhaokha sangakambirane?

Anayesa, ndipo mwina iwo ndi amene anafika pafupi kwambiri ndi yankho. Atsogoleri a asodzi a mbali ziwirizi anakumana mu 2004, n'kukumananso ku Chennai, likulu la Tamil Nadu, mu 2010, kumene a ku India anavomera kuti kukoka pansi n'kowononga ndipo analonjeza kusiya pakapita nthawi. Maboma sanasandutse mgwirizanowo kukhala lamulo, ndipo unangofera m'mapepala. Zokambirana za 2014 nazonso sizinaphule kanthu. Nthawi iliyonse a ku India amapempha zaka zingapo zosinthira zida, a ku Sri Lanka n'kuyankha kuti zaka zimene anapempha kale zinatha iwo akudikira.

Mu Novembala 2016 nduna za mayiko awiriwa zinakumana ku New Delhi n'kukhazikitsa komiti ya onse yoona za usodzi. Ntchito yake inali kufulumizitsa kutha kwa kukoka pansi, kukonza ndondomeko yobwezerana asodzi ogwidwa, ndi kuona za kulondera limodzi. Inayenera kukumana miyezi itatu iliyonse. Msonkhano wake wachisanu ndi chimodzi unachitika ku Colombo mu Okutobala 2024, patatha zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu.

Chilumba cha Katchatheevu chitabwezedwa kwa India, mkangano ungathe?

Sungathe. Mlandu suola, ndipo nkhani ya chilumbachi imadzuka chisankho chilichonse chikayandikira. J. Jayalalithaa, mtsogoleri wandale wa ku Tamil Nadu, anaitengera kukhoti lalikulu la India mu 2008, ndipo nduna yaikulu Narendra Modi anaidzutsanso mu 2024. Koma ma trawler ambiri sagwidwira pa Katchatheevu. Amagwidwira mkati, pafupi ndi magombe a Neduntheevu, Point Pedro ndi Mannar. Kusuntha mzere ndi mamailosi ochepa sikungabweze nsomba kumbali imene inauma.

Kodi malamulo amenewa amagwiranso ntchito pa Nyanja ya Malawi?

Ayi. Ngakhale dziko la Malawi linavomereza UNCLOS mu 2010, panganoli ndi la nyanja zamchere. Malire a pa nyanja za pakati pa mtunda amatsatira mapangano a mayiko okhudzidwawo. Mbali ya Mozambique nkhani inakonzedwa mu 1954, pamene Britain ndi Portugal anagwirizana kuti mzere udutse pakati pa nyanja, zilumba za Likoma ndi Chizumulu n'kukhalabe za Malawi. Mbali ya Tanzania ndiye pali kusamvana. Malawi imagwira pangano la Britain ndi Germany la 1890 loika malire pagombe lakum'mawa, pamene Tanzania imafuna mzere wapakati. Ankhoswe otsogozedwa ndi Joaquim Chissano, pamodzi ndi Thabo Mbeki ndi Festus Mogae, anayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizi kuyambira 2013 koma sanafike pa mgwirizano.

Msodzi wa ku Karonga kapena wa pa Nyanja ya Chiuta akagwidwa tsidya lina, ndime 73 singamuthandize ndipo ku Hamburg kulibe chake. Chomuteteza ndi malamulo a dziko lomugwiralo, ufulu woonana ndi kazembe, ndi kumvana kwa maboma ndi mafumu a m'malire. Palinso pangano la SADC la zausodzi lomwe linasainidwa ku Blantyre mu 2001, lokhudza nyanja zamchere ndi zamadzi abwino zomwe, lolimbikitsa mayiko kusamalira limodzi nsomba zimene amagawana.

Boma la India likuchitapo chiyani pa ma trawler akewo?

Mu 2017 linakhazikitsa ndondomeko yochotsa ma trawler 2,000 ku Palk Bay n'kuwalowetsa m'malo ndi maboti okapha tuna kunyanja yakuya ndi zingwe za mbedza. Boti limodzi analiwerengera marupee 8 miliyoni, boma lalikulu n'kulipira theka, boma la Tamil Nadu gawo lina, chotsala msodzi apeze yekha ndi ngongole ya kubanki. Olowa m'ndondomekoyi anakhala ochepa kwambiri poyerekeza ndi chiwerengero chija. Mtengo weniweni wa boti unaposa umene unalembedwa, eni maboti ambiri anali kale m'ngongole, ndipo munthu wozolowera kutuluka m'mawa n'kubwera mawa lake sasanduka msanga wokhala panyanja masabata awiri kapena atatu. Boma likulimbikitsanso ulimi wa ndere za m'nyanja ndi kuweta nsomba m'makola apamadzi kuti mabanja apeze pena podalira.

Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 Epulo mpaka pa 14 Juni, maboti a injini zikuluzikulu a kugombe lakum'mawa kwa India amaletsedwa kulowa panyanja kwa masiku 61 kuti nsomba ziswane. M'masabata amenewo kugwidwa kwa maboti kumatsika kwambiri, ndipo asodzi a ku Jaffna ndi Mannar amatchera matchera awo usiku uliwonse wa pasabata.